Timabowo ta mu shoki

Ndimaphunzitsa sayansi, ndipo ana ambiri m'kalasi mwanga amati fizikisi ndi ya azungu. Koma ndi omwewo amene anakula akupanga motoka za waya, kumanga mawilo ndi malegeni kuti zipirire miyala ya ku Kanyama.

Kumaiko ena anthu amapikisana ndi timotoka ta rimoti pa njira zokumbikakumbika. Mu shoki iliyonse muli mafuta ndi kapisitoni ka timabowo tosafika mamilimita 2. Wilo ikagunda mwala, mafuta amakakamizika kudutsa m'timabowomo. Tikakhala tating'ono, shoki imalimba: motoka ikalumpha imatera bwino, koma pa mabampu imangodumphadumpha, matayala osagwira pansi. Tikakhala tatikulu, imameza mabampu, koma ikatera kuchokera m'mwamba, mimba imagunda pansi. Palibe pisitoni yabwino ponseponse. Msewu ndiwo umasankha.

Mwana wa mu komboni amazidziwa kale zimenezi. Akamangitsa legeni, motoka imanjenjemera. Akalekerera, imakhala pansi. Chimandipweteka n'chakuti pa mayeso a Giredi 12 amaopa lamulo la Hooke, pamene zala zake zinaliphunzira asanayambe sukulu. Ntchito yanga ndi kumuuza dzina la chinthu chimene anachipeza yekha.