Lamulungu Pamchenga wa ku Senga Bay

Ndinakula ndikumva kuti zikondwerero za kunyanja n'za anthu amowa. Choncho mu Okutobala 2017, achemwali anga atandiuza kuti tipite ku Sand Music Festival, ndinavomera monyinyirika. Tinakwera minibasi ku Lilongwe, kutsika zitunda za ku Dowa mpaka pa Kamuzu Road ku Salima, kenaka kagalimoto kotifikitsa ku Senga Bay, pagombe la Sunbird Livingstonia. Kunkatentha zedi, mchenga ukuwotcha kumapazi.

Palibe anandiuzapo kuti nyimbo ili ndi thupi. Pa wailesi imangolowa m'khutu. Pamchenga paja, kulira kwa besi kunkalowera kumapazi n'kukagunda pachifuwa. Awilo Longomba, yemwe ndinkangomuonera pa kanema ndili mwana, atakwera pansanja, magitala a ku Congo anayamba kuyankhana ngati amayi awiri pachitsime. Chilingala sindidziwa ngakhale liwu limodzi, koma chiuno chinamva. Pafupi nane panali mayi wa ku Chipata, azungu awiri ofiira ndi dzuwa, ndi anyamata olankhula Chiyao, ndipo tonse tinkakuwa nthawi imodzi ngati tinapangana. Kutali panyanja, kupitirira chilumba cha Namalenje, nyali za asodzi a usipa zinali ngwee, ngati mudzi woyandama.

Koma chimene chinandigwira mtima chinadza Lamulungu. M'bandakucha ndinamva kuitanira mapemphero kuchokera kumzikiti wa m'mudzi. Dzuwa litatuluka m'madzi, pansanja pomwe paja panakwera kwaya. Soja Lucius Banda, amene anayambitsa chikondwererochi, anachita bwino kusiyira nyimbo zauzimu malo, pakuti nyimbozi n'zimene Amalawi timaimba osafuna buku.

Woyambitsa nyimbo anangoponya mzere umodzi, khamu lonse n'kuuwakha. Anthu amene anachezera kuvina, maso ali psuu, anagawana mawu okha popanda wowauza: awa soprano, awa alto, abambo kumbuyo akugunda besi. Bambo wina anaika botolo pamchenga, n'kuvula chipewa. Azungu aja mawu sankawadziwa, koma m'manja ankaomba molondola. Nyimbo imene ndakhala ndikuimba m'tchalitchi kuyambira ku Sande sukulu ndinaimva ngati yachilendo, chifukwa kunalibe denga loibweza. Inkangopita ndi mphepo, kulowera kutsidya.

"Iwe, ukulira chiyani?" anandifunsa achemwali.

"Achemwali, ndisiyeni kaye," ndinatero, mawu akunjenjemera.

Anandikulunga ndi chitenje chawo, ndipo tinaimba limodzi mpaka kukhosi kunauma. Masana tinadya chambo chootcha ndi nsima, mapazi ali m'madzi, tonse titasasa mawu.

Chaka chotsatira, mu Seputembala 2018, sindinadikire wondikoka. Ndinabwerera ku Salima, ulendo uno ku Lake of Stars pa Kabumba Hotel, kukamva Sauti Sol a ku Kenya. Tikiti ya achemwali ndinagula ndine.