Dzina la Ingagi

M'chaka cha 2019 mtsikana wina wa ku Dedza, atangotsiriza maphunziro ake a zachilengedwe, anapita ku Rwanda kukagwira ntchito yongodzipereka kwa miyezi itatu. Anakafikira ku Musanze, m'munsi mwa mapiri a Virunga. Chisanu cha kumeneko sichinamuvute, pakuti wa ku Dedza sauzidwa za kuzizira. Chinamuvuta ndi mawu. Amayi ake atamufunsa pa foni za nyama zimene anapitira, iye anati ndi anyani. Mayiwo anaseka. "Anyani omwewa otithera chimangawa, mpaka kuwakwerera ndege?" Chichewa chili ndi nyani, pusi ndi changa, koma chilibe dzina la nyama yopanda mchira, yomwe yamphongo yake imalemera kuposa matumba atatu a chimanga. Mtsikanayo anangobwereka dzina la Chinyarwanda: ingagi.

Iye ankayesa kuti azikhalira m'nkhalango. Anamupatsa mpando ndi kompyuta. Kufika pamene pali ingagi si nkhani yamasewera: kuyambira mu 2017 mlendo wakunja amalipira madola 1,500, alendo saposa asanu ndi atatu pa banja limodzi la ingagi patsiku, ndipo amakhalapo ola limodzi lokha, ataima patali, chifukwa chimfine cha munthu chingathe kupha nyamazi. Ntchito yake inali kulemba zimene olondola ingagi abwera nazo. Amuna amenewa amadzuka mbandakucha, kukwera phiri kufikira pa zisa zimene ingagi zinagonapo, kutsata mapazi, ndi kuonjola misampha imene alenje amatchera agwape koma n'kukola mwana wa ingagi. Ingagi iliyonse amaidziwa ndi makwinya a pamphuno pake, ndipo iliyonse ili ndi dzina. Kunena zoona, ngati mawu oti kudzipereka ali ndi eni ake, eniwo ndi amenewa. Wobwera pa ndege amakhala wophunzira chabe.

Ntchitoyi yabala zipatso, ndipo wokana zimenezi akhoza kukhala wanjiru. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene Dian Fossey anali akadali moyo, ingagi za ku Virunga zinali pafupifupi 250 zokha. Kalembera wa ku Bwindi wa 2018 atatha, chiwerengero chonse cha ingagi za m'mapiri chinafika pa 1,063. Gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama za alendo limabwerera kumidzi yoyandikana ndi nkhalango, kukamanga masukulu ndi zitsime.

Mu Seputembala anapita ku Kinigi kukaonerera mwambo wa Kwita Izina, umene unayamba mu 2005. Apa sanafune womasulira: kwita n'chibale ndi kuitana, izina ndilo dzina. Ana a ingagi 25 anatchedwa maina tsiku limenelo, monga achitira ndi khanda la munthu likatuluka m'chikuta, ndipo ena mwa otcha mainawo anali anthu otchuka ochokera kutsidya kwa nyanja. Mtsikanayo anaomba m'manja pamodzi ndi khamu lonse, mtima uli mbee.

Pobwerera anapeza gogo wina wamkazi atakhala m'mbali mwa msewu, miphika itandandalikidwa patsogolo pake. Atagulako umodzi, anafunsa mnzake wa ku ofesi ngati gogoyo anali Mtwa. Mnzakeyo anayang'ana uku ndi uku, nati motsitsa mawu, "Kuno sitifunsa choncho." Chifukwa chake n'chomveka. Mu 1994 dzina la mtundu lolembedwa pa chitupa linali lokwanira kuphetsa munthu, ndipo dziko limene linaona zotero lili ndi ufulu woopa maina a mitundu. Tsono boma limawatchula Abatwa ndi mawu ozungulira, akuti anthu amene mbiri inawasiya m'mbuyo. Komatu makolo a anthu amenewa ndiwo ankasaka ndi kufula uchi m'nkhalango yomweyi isanakhale malo otetezedwa mu 1925, ndipo anatulutsidwamo pang'onopang'ono popanda kupatsidwa minda. Abale awo a ku Uganda anachotsedwa ku Bwindi ndi ku Mgahinga mu 1991. Amene wataya nkhalango n'kutayanso dzina, madandaulo ake akawapereka monga yani?

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Dzina loti Abatwa silinali lachilendo kwa iye. Kwawo ku Dedza, m'mapanga a ku Chongoni, muli zojambula zofiira zimene akatswiri amati zinasiyidwa ndi Abatwa, omwe agogo ake ankawatcha Akafula kapena Amwandionerapati. Nthano inkati ukakumana naye n'kukufunsa kuti wamuonera pati, uyankhe kuti kutali, pakuti ukati pafupi wamunyoza kuti ndi wamfupi. Ali mwana ankaseka nayo nthanoyi, poyesa kuti ikunena za anthu amene sanakhaleko n'komwe. Sizinamufikepo m'mutu kuti funso lenilenilo ndi la munthu wopempha kuti aonedwe.

Ingagi anaziona kamodzi kokha, sabata yake yomaliza, pamene banja lina linalumpha mpanda wamiyala n'kulowa m'minda kudzakungunula makungwa a bulugamu. Anaima patali ndi olondola aja, ndipo zitatu anazizindikira yekha asanauzidwe.

Mphika uja unafika ku Dedza uli wamtunthu, atauzenga m'chitenje. Amayi ake anaugogoda ndi chala, namvetsera kulira kwake, nati woumba ameneyu dothi amalidziwa. Kenaka anafunsa kuti dzina lake ndani. Mtsikanayo akanatha kutchula pamtima maina a ingagi makumi atatu, pamodzi ndi amayi awo. La gogo uja sanafunse.