Phiko la m'thumba

Mnyamata wina wa kuno ku Angónia, amene ali mwana ankapanga magalimoto a mawaya ndi ndege za mapesi, anapita ku Johannesburg kukasaka maganyu. Ntchito anaipeza kwa mkulu wina wopuma pantchito, wokonda kupanga tindege topanda injini. Timauluka ndi mphepo yokha ngati kabawi, mwini wake ali pansi ndi kawailesi m'manja. Musayese zidole za ana: mu 2021 ku California, Spencer Lisenby anaulutsa kandege kotere pa liwiro la makilomita 882 pa ola.

Nkhani yonse ili m'phiko. Mkati mwake ndi fomu, yonga yoyera ija imabwera m'makatoni a wailesi, yodulidwa ndi waya wamoto. Pamwamba amayalapo nsalu yopyapyala ya galasi kapena ya kaboni, yonyowetsedwa ndi guluu wa epoxy. Kenaka amavundikira ndi mapepala osalala a pulasitiki, opakidwa phula kuti asamatirire, n'kulowetsa zonse m'thumba lomatidwa bwino. Pampu, kawirikawiri yochotsa ku firiji yakale, imayamwa mpweya wa m'thumbamo, ndipo mpweya wakunja umapsinja phikolo mbali zonse mofanana, zimene mwala kapena dzanja sizingathe. Kunyanja yamchere, mutayamwa mpweya wonse, kamalo kofanana ndi chikhadabo kamasenza pafupifupi kilogalamu imodzi; kumtunda monga ku Johannesburg kapena ku Ulónguè mphamvuyo imachepako. Komabe sayamwa wonse ayi, fomu yoyera ingaphwanyike.

Guluuyo amafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti aume. Tsiku lina atangotseka thumba, mkuluyo anaitanidwa kumaliro. Nsalu imene inali m'thumbamo mtengo wake unkaposa malipiro a mnyamatayo a sabata yonse.

"Usachokepo apa, mwanawe. Diso pa singano."

"Chabwino bwana."

Usiku magetsi anazima. Pampu zii, singano ya geji n'kuyamba kubwerera pang'onopang'ono. Anapana paipi ndi pulayazi, koma singano inkatsikabe: thumba linali ndi kabowo. Mpweya ukalowa guluu asanagwire, nsalu imadzuka, phiko n'kukhala lotaya. Ndipo kwa eni ake kuja, wolakwa amakhala amene anali pafupi.

Anatenga kapaipi kena, mbali ina kukhutu, ina n'kumayendetsa m'mphepete mwa thumba mumdimamo, monga achitira anamwino pachifuwa cha mwana. Pakona anamva kakuti tsiii. Anamatapo tepi. Koma mpweya wolowa kale uja autulutse ndi chiyani?

Anakumbukira pampu ya njinga ya bambo ake, imene tsiku lina atavala chikopa chake mozondotsa inkayamwa m'malo mopopa. M'galajamo munali ina yakale. Anatembenuza chikopa, n'kulumikiza. Akakoka, amatsina paipi ndi zala. Akakankha, n'kutsinula, n'kukokanso. Singano inakwera. Ikatsika pang'ono, iye amayambiranso, mpaka magetsi anayaka m'bandakucha.

Madzulo mkuluyo atabwera anasenda mapulasitiki aja. Phiko linatuluka losalala ngati galasi, kupatula khwinya limodzi chakunsonga, lotalika ngati chala. Analisisita ndi chala chachikulu, nayang'ana pampu ya njinga ili pansi ndi matuza m'manja mwa mnyamatayo. Za khwinyalo sanafunse. Anangotsitsa pashelefu mabotolo awiri a guluu ndi kasikelo.

"Phiko lakumanzere usakanize wekha."