Kucokera ku Lusaka Kufika ku Roma

Ife Akatolika a muno m'Zambia timamva dzina la Roma kuyambira ubwana wathu, ndipo pa Misa iliyonse timapempherera Papa amene amakhala kumeneko. Koma kodi mzinda umenewu uli patali bwanji ndi kwathu kuno?

Tikatati titambalitse cingwe mumlengalenga kucokera ku Lusaka kufika ku Roma, cingatalike makilomita pafupifupi 6,500. Ndeke zikuluzikulu zimauluka makilomita oposa 800 pa ola limodzi, motero ndeke yopita osaima ingafike m'maola 8. Koma masiku ano apaulendo amasintha ndeke panjira. Ambiri amadzera ku Addis Ababa: maola ngati 4 kucokera pa bwalo la Kenneth Kaunda, ndi enanso ngati 6 kukatera pa bwalo la Fiumicino. Tikaphatikizapo nthawi yodikira, munthu amene watsazika abale ake masana, kumamcera ali ku Italy.

Popeza Roma ali cakumpoto kwathu, nthawi siisiyana kwenikweni. Kuyambira kumapeto kwa Marici mpaka kumapeto kwa Okutobala, nthawi ya ku Lusaka ndi ya ku Roma imalingana. Miyezi yotsalayo Roma amatsalira ndi ola limodzi. Cimene cimasintha ndi nyengo. Mu Disembala, ife tikupalira cimanga m'mvula ndi kutentha, kumeneko kumazizira koopsa. Wopitako asaiwale covala ca mphepo.

Sizinali conco kale. Amishoni a White Fathers amene anafika ku Mambwe Mwela m'caka ca 1891, ndi ena amene anawatsatira, anali kuyenda miyezi yambiri pa sitima za pamadzi, pa mabwato ndi pansi, ndipo malungo anapha ambiri a iwo akali anyamata. Paulo Woyera nayenso, popita ku Roma ali mkaidi, sitima yake inasweka pa cisumbu ca Malta, nakhala kumeneko miyezi itatu, monga timawerenga m'buku la Nchito za Atumwi. Koma pamene Papa Yohane Paulo Waciwiri anaticezera mu Meyi 1989, ndeke ndiyo inamtula pa nthaka yathu.

Njira yafupika, koma mtengo wake sunatsike kufika m'thumba la mlimi kapena la mai wogulitsa pamsika. Ambiri a ife sitidzapondako ku manda a Petro Woyera. Cifukwa cace inu amene mwapeza mwai wopitako, kaya ndinu ansembe, asisitere kapena akristu eni ake, musapite ngati alendo ongokaona zipilala. Tengani mapemphero a parishi yanu ndi maina a odwala a m'mphakati mwanu. Pobwerako mudzatipatse makorona, inde, komanso mudzakhale nafe pansi ndi kutifotokozera zimene munaona ndi kumva, kuti ulendowo ukhale wathu tonse.