Kaseti Itatha, Woyimba wa ku Lilongwe Adakwera Mtunda

Ntchito ya woyimba wopeka yekha nyimbo zake, wosakaniza mayimbidwe a makolo, rege ndi soul, yasintha kwambiri mu mzinda wa Lilongwe chiyambire zaka za m'ma 1990. Kalelo chuma cha woyimba chinali kaseti. Ambiri akajambula chimbale ankapita nacho kwa O.G. Issa ku Limbe, yemwe ankachulukitsa makaseti n'kumagulitsa. Ku Lilongwe makasetiwo ankathera ku Old Town, mumsika waukulu ndi m'timasitolo ta pafupi ndi depoti ya mabasi. Wailesi inali MBC yokha, ndipo nyimbo imene sidamveke kumeneko inkafera m'thumba la mwini wake.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, rege ndiye adasanduka pakamwa pa anthu wamba. Lucius Banda wa ku Balaka ankadzudzula atsogoleri mosapsatira mawu. Evison Matafale wa ku Chileka adagwedeza dziko ndi chimbale cha Kuyimba 1, koma adamwalira ku Lilongwe mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi. Pambali pa mafunde a rege amenewa panali ena ofukula za kumudzi. Ben Mankhamba ankalowetsa magule a makolo m'nyimbo za bandi, ndipo Wambali Mkandawire adatulutsa Zani Muwone mu 2002, chimbale chosonyeza kuti Chitumbuka chingakhale bwinobwino pamodzi ndi jazi.

Kenaka kudabwera ma CD, makompyuta ndi mamemore khadi. Anyamata a m'timashopu ankathira nyimbo mazanamazana mu foni pa mtengo wosakwana wa kaseti imodzi, woyimba osaonapo ngakhale tambala. Bungwe loteteza eni luso la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992, lidayesa kulimbana ndi mchitidwewu, ndipo lamulo latsopano loteteza eni luso lidadza mu 2016, koma msika wa zimbale unali utagwa kale.

Woyimba adayamba kudyera pa siteji, ndipo sitejiyo idasamuka. Peter Mawanga ndi gulu lake la Amaravi Movement adaika malimba, sansi ndi visekese patsogolo, gitala n'kumatsata pambuyo. Lawi, dzina lake lenileni Francis Phiri, adatchuka ndi nyimbo ya Amaona Kuchedwa, yoyimbidwa mofatsa, yofuna munthu wokhala pansi n'kutchera khutu. Faith Mussa, yemwe adakulira m'gulu la nyimbo zauzimu la Mussa Family, adafika pomayimba yekhayekha, manja ali pa gitala, mapazi akuomba ng'oma. Mayimbidwe otere sagwirizana ndi phokoso la m'mabala. Malo ake adakhala holo ya BICC ku City Centre, mahotela, ndi minda ya maluwa ya m'madera a mayadi aakulu monga Area 10 ndi Area 43, kumene ogwira ntchito m'mabungwe ndi m'maofesi a akazembe amakhala. Mu 2013 ngakhale chikondwerero cha Lake of Stars chidasiya nyanja n'kudzachitikira mu mzindawu pa dzina la City of Stars.

Phindu lake ndi loonekeratu: zokuzira mawu zabwino, bandi yokonzekera, ulemu kwa woyimba, komanso mwayi woitanidwa kunja. Mawailesi adachuluka, Zodiak idatsegulidwa mu Lilongwe momwemo mu 2005, ndipo lero nyimbo imafika ku Johannesburg kudzera pa YouTube tsiku lomwe yatuluka.

Koma chilipo chidatayika. Kaseti inkagulidwa ndi kondakitala wa minibasi ndi mayi wogulitsa tomato. Tikiti ya ku BICC njokwera kwa munthu wa ku Chinsapo kapena ku Kawale, ndipo zoyimba zikatha pakati pa usiku minibasi yobwerera kwawo kulibe. Nyimbo zochokera m'magule a anthu wamba tsopano zimaonereredwa kwambiri ndi a magalimoto, eni akewo n'kumazimvera pa foni.