Mbale ya wodwala ndi ntchito yanga

Ndikauza anthu a kwathu ku Mwami kuti ndine dayetishani, ambiri amavomera ndi mutu ngati amva, kenako amafunsa ngati ndimaphika kukhitchini ya chipatala. Ambuya anga aakazi anamwalira akudabwabe kuti mdzukulu wawo anakhaliranji ku Lusaka zaka zonse zija akuphunzira za chakudya, pomwe mthiko ndi chipande zinali pakhomo pomwepo. Kukhitchini ndimalowako ndithu, koma sindiphika. Ntchito yanga ndi kuwerengera chimene thupi lodwala lingathe kulandira, n'kuchilemba m'faelo ya wodwalayo pafupi ndi pamene adokotala alemba mankhwala. Chakudya cholakwika chimapha munthu wodwala, ndipo chimapha mwakachetechete, achibale n'kumangoti matenda anakula.

Mwana wokulira pafupi ndi mishoni ya Mwami samachedwa kumva kuti chakudya ndi nkhani ya thanzi. Chipatalachi ndi cha mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo chinayamba mu 1927 ndi Dr. E. G. Marcus, yemwe anachokera ku ntchito ya mpingowo ku Malamulo, ku Thyolo. Tinkamva kuyambira tili aang'ono kuti nkhumba sadya, mlamba sadya, ndi kuti nyemba ndi masamba n'zabwino kuposa nyama. Ine ndinkaziona ngati za tchalitchi basi. Nditafika ku koleji ndi pamene ndinadziwa kuti ntchito yathuyi ili ndi muzu wina mumpingo womwewo. Lenna Cooper, mmodzi mwa amayi amene anayambitsa bungwe la American Dietetic Association mu 1917 ku Cleveland, anaphunzira ndi kugwira ntchito pachipatala cha Battle Creek, chimene anachiyambitsa ndi a Adventist ndipo ankachitsogolera ndi John Harvey Kellogg. Dzina la Kellogg mumaliona pamakatoni a makonifuleki m'masitolo a ku Chipata. Kampaniyo anaikhazikitsa ndi mng'ono wake.

Njira yanga inali yozungulira, ngati ya anzanga ambiri a msinkhu wanga. Nditalemba Giredi 12 ndinapita ku Natural Resources Development College ku Lusaka kukachita dipuloma ya zakudya ndi kadyedwe. Kwa nthawi yaitali sukulu imeneyi ndiyo inkatulutsa pafupifupi onse ogwira ntchito ya kadyedwe m'zipatala ndi m'maboma a dziko lino, ndipo wofuna digiri ya kadyedwe ka odwala ankayenera kuwoloka malire, kupita ku South Africa, ku Kenya kapena kutsidya la nyanja. University of Zambia itatsegula digiri ya kadyedwe ka anthu m'sukulu yake ya zaulimi, ambiri a ife tinabwerera pabenchi tili kale pantchito, ena ali ndi ana kumbuyo. Anzathu a ku Malawi nawo sanatitsogolere kwambiri: maphunziro awo a madayetishani anayamba mu 2016 ku LUANAR, ku Bunda, mogwirizana ndi College of Medicine.

Amene amalowa maphunzirowa poganiza kuti akukaphunzira maphikidwe amakhumudwa m'chaka choyamba chomwe. Kumakhala kemisitiri, bayoloji, fizikisi ndi masamu. Kenako bayokemisitiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Umayenera kudziwa ulendo wa nsima kuchokera mkamwa mpaka itasanduka shuga m'magazi, ntchito ya kapamba potulutsa insulini, mmene impso zimasefera madzi ndi mchere, ndi chimene chimachitika chiwindi chikatopa. Pambuyo pake pamabwera za mankhwala, chifukwa mankhwala ndi chakudya zimakumana m'thupi limodzi. Isoniazid, mankhwala a TB, amadya vitamini B6 ndipo amatha kudzutsa matenda a pelagra mwa munthu wodalira chimanga chokha. Khungu la pakhosi ndi pamanja limada n'kumasenda, m'mimba kumatseguka, mutu n'kuyamba kusokonekera. Wosaphunzira amati amulodza kapena wapsa ndi dzuwa kumunda.

Pali kusiyana kumene anthu sakudziwa pakati pa ife ndi anzathu a nutrishoni, ngakhale timayambira kalasi imodzi. Iwo amayang'ana mudzi wonse: sikelo ya ana, minda ya ndiwo, magulu a amayi, kafukufuku. Ntchito yawo ndi yaikulu, pakuti kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Ife timayang'ana munthu mmodzi wogona pabedi, wokhala ndi matenda odziwika ndi zotsatira za magazi zochokera ku labu. N'chifukwa chake dayetishani satuluka m'kalasi mokha. Amayenera kukhala miyezi m'mawodi, akuyang'aniridwa, ndipo ife tinkachitira zimenezi ku University Teaching Hospital.

Wodi ya ana onyentchera ndiyo imaphunzitsa munthu ntchito imeneyi. Mwana amabwera atatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi litafiira, khungu likusupuka. Umadina chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu. Pakatsala kadzenje, wadziwa. Umazunguliza tepi pakati pa mkono wakumanzere, ndipo ikaonetsa pansi pa masentimita 11.5 ndiye kuti mwanayo ali pofiira. Mtima wa munthu aliyense umati mwana wotereyu apatsidwe mazira, mkaka ndi phala lochuluka. Sukulu imakuletsa zimenezo, ndipo imakuuza chifukwa chake. Thupi likakhalitsa ndi njala, mtima umachepa mphamvu, chiwindi chimafooka, potaziyamu ndi maginiziyamu zimatha. Mukalikhutitsa mwadzidzidzi, insulini imakwera n'kukokera m'maselo mchere wochepa umene unatsala m'magazi, mtima n'kuima. Mwana amafa atakhuta.

Choncho timayamba ndi mkaka wa F-75, wokhala ndi makalori 75 okha pa mamililita 100, mapuloteni ochepa, sodiyamu wochepa. Muyeso wake ndi mamililita 130 pa kilogalamu iliyonse ya mwana patsiku, ndipo amachepetsedwa ngati watupa kwambiri. Mwana wa makilogalamu 7 ndiye kuti alandira mamililita 910, ogawidwa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, kakapu ka mamililita 75 kapena kuposerapo pang'ono. Akakana kumwa timalowetsa kapaipi m'mphuno. Ayironi sitipereka masiku oyambawo ngakhale magazi ali ochepa, chifukwa amadyetsa tizilombo. Mayi amayang'ana kakapu kaja, n'kukuyang'ana iwe. "Asisita, mwana wanga mukumumaniranji? Kunyumba njala, kunonso njala?" Umakhala naye pansi. "Amayi, m'mimba mwa mwanayu mwachepa ndipo mtima wake watopa. Tiyambe pang'ono. Akayamba kulirira chakudya yekha, ndidzakuwonjezerani ndine." Ndipo umawapempha kuti asagone pa ola la mkaka wa usiku, amufunditse mwanayo pachifuwa, chifukwa ana amenewa amatisiya mbandakucha, shuga atatsika thupi litazizira, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Kutupa kukaphwa, njala n'kubwerera, timasamukira ku F-100 kapena ku chiponde cha m'mapaketi. Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo ili ndi makalori 500. Anachipanga ndi dokotala wa ku France, André Briend, m'zaka za m'ma 1990, ndipo Mark Manary anachiyesa ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, n'kuonetsa kuti mwana wopanda matenda ena angachire ali kunyumba. Chachikulu m'paketimo ndi nsawa, zomwezi timalima kuno, mtundu wa Chalimbana ndi mbewu za MGV zochokera ku Msekera. Zimandiwawa kuona mwana wotupa wochokera pakhomo pamene matumba a nsawa anagulitsidwa onse mu Julayi. Anawa amachuluka m'wodi mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitauma, nthawi yomwe a Ngoni akukonzekera Nc'wala ku Mtenguleni.

Ukamaliza zonsezi sunakhalebe dayetishani. Mapepala ako amapita ku Health Professions Council of Zambia, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009 kuti lilembetse ogwira ntchito zachipatala. Iwo amaona ngati sukulu yako ndi yovomerezeka, amakulemba m'kaundula, ndipo chiphaso chogwirira ntchito umachikonzanso chaka ndi chaka, utalipira ndi kuonetsa kuti ukupitiriza kuphunzira. Anzanga ena amadandaula za ndalamazo, ndipo nanenso ndikamalipira sindiseka. Komabe kaundula ameneyu ndi wa wodwala osati wathu. Ndikalakwitsa, wodwala ali ndi kokandinenera, ndipo chiphaso changa angandilande.

Chimene yunivesite sinathe kundipatsa chonse ndi mbale ya kwathu. Mabuku ambiri amene tinkawerenga analembedwa ku America ndi ku Britain, ndipo amayeza chakudya ndi masilayisi a buledi ndi makapu a pasita. Kuno munthu amadya mitanda ya nsima. Zinthu zikusintha: National Food and Nutrition Commission, imene ilipo kuyambira 1967, ili ndi mndandanda wa zimene zili m'zakudya za kuno, ndipo mu 2021 boma linatulutsa malangizo a kadyedwe ozikidwa pa zakudya zathu. Koma palibe buku limene lingakuuze kukula kwa mtanda wa pakhomo pa munthu. Umafunsa, ndipo nthawi zina umapempha kuti akubweretsere chipande chawo uchione.

Odwala shuga amafika atamva kale zambiri. Bambo wina wachikulire anabwera atasiya nsima kwa milungu, akungodya masamba owiritsa koma akubayabe insulini, akugwa ndi chizungulire kumunda. Tiyi ankathiramo uchi poti wina anawauza kuti uchi si shuga. "Atate, nsima musasiye," ndinatero. "Idyani mtanda umodzi wofanana ndi chibakera chanu, wa mgaiwa kapena rola milu osati burekifasiti, ndiwo zamasamba zikhale theka la mbale, nyemba kapena kapenta pambali. Mukabaya jakisoni, idyani. Uchiwo ndi shuga ndithu, thobwa lotsekemera ndi maheu chimodzimodzi." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, ndiye kuti ndinkadzipha ndekha?" Mwana wawo wamkazi, amene amawaphikira, ndinamuitananso, chifukwa malangizo opatsa bambo yekha amathera pachipata cha chipatala.

Za impso ndiye zimafuna kusamala koposa. Impso zikafooka zimalephera kutaya potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi mtima umasokonezeka kagundidwe. Buku limatchula nthochi, mapeyala, mbatata ndi matimati, n'kulangiza kuti masamba ndi mbatata aziwiritsa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo. Buku silitchula chidulo. Koma chidulo ndi madzi a phulusa, ndipo phulusa la zomera ladzaza ndi potaziyamu yemweyo. Mayi wophikira mwamuna wake wodwala impso therere la chidulo, poganiza kuti ndi lofewa losavuta kumeza, akumuika pangozi osadziwa. Amene anangophunzira buku safunsa funso limeneli, ndipo amene anangokulira kumudzi sadziwa kuti pali choopsa. Pamafunika zonse ziwiri mwa munthu mmodzi.

Nkhani ya chikhulupiriro nayo imalowa m'mbale. Kuno kum'mawa mbewa ndi ndiwo zolemekezeka, ndipo kwa banja losauka mbewa, ngumbi ndi mphalabungu ndi mapuloteni enieni osagula. Kwa wa Sabata mbewa n'zodetsedwa. Sindilalikira mbali iliyonse. Wodya mbewa ndimamuuza azipitiriza. Wosadya timawerengera limodzi nyemba, khobwe, soya, mazira, mkaka ndi nsinjiro zothira m'phala la mwana ndi m'nkhwani. Pansinjiro pokha ndimalimbikira chinthu chimodzi. Amayi ambiri amagulitsa nsawa zabwino n'kusinja zofwifwa ndi zachuku kuti adye pakhomo. Chuku chimenecho chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, wosatha ndi moto, wowononga chiwindi. Zoola zitayidwe, ndipo musanyowetse nsawa ndi madzi pofuna kuti zisavute kusenda.

Masiku ano opikisana nafe achuluka. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu odzitcha akatswiri a kadyedwe atachita kosi ya sabata imodzi, akugulitsa ufa wa m'mabotolo ndi tiyi woti amatsuka magazi. Ena amayenda ndi kamakina kogwiritsa m'manja koti kamaona matenda onse a m'thupi. Ndalandirapo odwala amene anasiya mankhwala a BP kapena ma ARV chifukwa cha anthu amenewa, atawononga ndalama za fetereza. Madayetishani olembetsedwa tilipo ochepa, ambiri ali ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndipo ena omaliza maphunziro amakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito pomwe mawodi akuwasowa. Mpata umenewo ndi umene amalonda aja alowapo.

Kwa inu achinyamata a ku Mwami, ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza amene mukuifuna ntchitoyi, limbikirani kemisitiri, bayoloji ndi masamu kuyambira Giredi 10, ndipo musanalipire sukulu iliyonse funsani ku Health Professions Council of Zambia ngati maphunziro ake ndi ovomerezeka. Inu odwala ndi osamalira odwala, munthu akakuuzani kuti musiye nsima kapena musiye mankhwala, mufunseni chiphaso chake cha chaka chino musanasinthe kanthu m'mbale.