Nkhomaliro ya ku Old Town

Ife akumudzi tikati tapita ku Lilongwe, kwenikweni timakhala tapita ku Old Town. Minibasi yochokera ku Dedza ikadutsa pa Nathenje ndi pa Biwi imakakutulani ku depoti, ndipo zambiri zimene mwadzera zimathera komweko: mbewu, mabuku a ana, nsapato za pakaunjika. Ku City Centre, komwe kuli Capital Hill ndi Nyumba ya Malamulo, timapitako pokhapokha pepala lina likamafuna chidindo.

Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba mu 1975, ndipo maofesi a boma adamangidwa patali ndi tawuni yakaleyi. Pakati padatsala nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, imene mumaiona mukamadutsa mumsewu wa Kenyatta. Tsidya ilo kuli misewu yotakata ndi mipanda ya kumayadi monga ku Area 10 ndi Area 43, koma oyenda pansi ndi owerengeka. Anthu ali ku Old Town.

Tchuthi chapitachi ndidakumana kumeneko ndi mnzanga amene tidaphunzira naye zauphunzitsi ku Domasi. Iye adagwira choko zaka zinayi n'kuchisiya, ndipo pano ali pabungwe lina ku City Centre. Panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri tisadaonane. Ndinkaganiza kuti andiitanira kuhotela, koma pafoni adangoti, "Aphunzitsi, mundipeza pamzikiti, pafupi ndi mlatho."

Pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi ya nkhomaliro sipoimirira. Akabaza, oitanira minibasi, mavenda ndi amayi osenza madengu onse amafuna njira imodzi. Chapansi, cha ku msika wa Tsoka, kuli timilatho tamitengo tomwe eni ake amalipiritsa wowoloka aliyense. Ana anga a Fomu 3 ndikawauza zimenezi amaseka, poti kwathu wokhoma mlatho amangolandira zikomo.

Tidalowa mumsika waukulu, n'kukhala pabenchi m'kalesitilanti ka mayi wina amene mnzangayo amangomutchula kuti "masiteni". Adatithirira madzi osamba m'manja, n'kubweretsa nsima ya mgaiwa, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera ndi kambuzi pambali. Amene adakhala nafe pabenchipo, wina adavala tayi, wina ovolosi yothimbirira ndi oilo, ndipo onse ankadya mtanda wofanana. Mnzangayo adati amabwera kuno kawiri kapena katatu pasabata, chifukwa mbale imodzi ya kufupi ndi ofesi yake imamudyera ndalama ya nkhomaliro zingapo, ngakhale ataphatikiza ya minibasi.

Tidayamba ndi maliro, monga mwa masiku onse: ndani adatisiya, ndani adakwatira, ndani adapita ku Joni osabwerako. Kenako adafika pamene ndinkadikira.

"Achimwene, mudzakalambira kumudziko? Pezani digiri mubwere kuno."

Funsoli limandivuta, chifukwa nanenso ndimadzifunsa ndikamachonga mabuku ndi tochi. Malipiro ake amaposa anga kutali. Koma atayamba kuwerengera, nkhani idatembenuka. Amachita lendi ku Area 25, amakwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera, amalipira madzi, magetsi ndi makala, ndipo ana ake awiri ali pasukulu yolipira. Kuchokera pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akuti mwezi umamuthera pa 20. Abale akwawo ku Ntchisi sakhulupirira zimenezi. Kwa iwo, wogwira ntchito kulikulu ndi bwana, ndiye foni siileka kulira.

Ine ndimakhala m'nyumba ya pasukulu, yodontha pang'ono koma yotsika mtengo, ndipo kuseri ndili ndi kamunda ka chimanga ndi mtedza. Sindikunena kuti kumudzi n'kwabwino. Mwana akadwala usiku, iye amafika kuchipatala msanga pamene ine ndimayamba ndasaka njinga yamoto. Komabe sindidaone kuti wina wa ife adapambana mnzake monga momwe tinkaganizira tili ku Domasi.

Titasamba m'manja tidalimbirana kulipira, iye n'kupambana. Tili panja, pakati pa phokoso la ku Malangalanga, adatsitsa mawu.

"Aphunzitsi, nthawi yokolola mudzandigulireko matumba asanu a chimanga kwanuko, mundisungire. Cha kuno sindingachithe."

Ndidavomera. Nanenso ndidamupatsa dzina la mtsikana wina wa pasukulu pathu amene adakhoza bwino MSCE koma akungokhala pakhomo, kuti akamva za bungwe lothandiza fizi andiuze. Adalilemba m'foni, n'kuthamangira minibasi ya ku City Centre poti nthawi ya nkhomaliro inali itatha kale. Chimangacho ndagula matumba atatu, ndipo za mtsikanayo ndikudikirabe.